Ife tikuzizidwa bwino, mbande za azakhali zikufota

Lachiwiri lapitali ndinakwera galimoto yomwe polowa umachita kuponda kaye pachitsulo ngati ukukwera nkhokwe. Ndi ya alamu anga a Maliseni. Anaigula chaka chino kwa mzungu wina wa pa esiteti amene ankabwerera kwawo, ndipo akuti inachokera ku Amereka. Ndi pikapu, koma musaganize za timapikapu tamatola timene timaima pa Mitundu tsiku la msika. Iyi ikaima pafupi ndi timeneto imaoneka ngati mayi wawo.

Chiwongolero chake chili kumanzere. Tikudutsa pamsika anthu ankayang'ana mpando wakumanja, n'kuona ine nditapinda manja, galimoto ikuyenda. Mayi wina anasiya kuyala tomato, n'kutiperekeza ndi maso mpaka pakona.

Ndisaname, ndinamva kukoma.

Ulendo wake sunali wokaonetsa galimoto. Azakhali anga a Nabanda amakhala kuseri kwa Mitundu, ndipo amalima fodya okha chimwalirireni amuna awo. Chaka chino nazale yawo inafa yonse ndi matenda. Mvula yabwino itagwa Lolemba, anzawo akuwokera, iwo anali ndi mizere yokhayokha. Mwamwayi a Gamaliyele, mnzawo wakale wa malemu amuna awo, amene amakhala cha ku Nathenje, anaimba foni kuti mbande zawatsalirako, azitumizire munthu.

Amene analimapo fodya akudziwa kuti mbande ukaizula m'mawa, iyenera kugona m'dothi tsiku lomwelo. Azakhali anamema amayi anzawo akumpingo kuti adzawathandize kuwokera masana. Ntchito ya ine ndi alamu inali imodzi: kukatenga ndi kubwera msanga.

Koma mafuta sabata ino mukudziwa nokha mmene zinalili. Tinayesa malo awiri omwetsera, konse anangotikupizira manja tisanaime n'komwe.

"Alamu, tifika koma?" ndinafunsa.

Anandilozera kagalasi kowala kuseri kwa chiwongolero. "Galimoto iyi imawerenga yokha, alamu. Onani, mafuta ali mmenemu ndi a makilomita 130. Kupita ndi kubwera panjira yachidule ndi 80 basi. Otsalawo tikhoza kukadya kanyenya ku Diamphwe."

Ndinakhulupirira. Mungatsutse bwanji galimoto yodziwa masamu?

Ndipotu abale anga, galimoto ija ndi yoopsa. Msewu wafumbi uja unali utasanduka phala, njinga zamoto zikuchita kukankhidwa. Alamu anangopotokola kabatani kuti matayala onse anayi azikoka, basi tinangodutsa. Injini yake silira ngati zinazi, imang'ung'uza pansipansi, mpaka umaimva m'chifuwa. Pamalo ena tinapeza lole itatitimira, anthu akuponya zitsamba pansi pa matayala. Ife tinapatukira m'mbali, matope akuuluka mbali zonse, ine nditakhala pampando wofewa ngati ndili pabalaza. Ndakwerapo magalimoto ambiri, koma tsiku limenelo ndinachita mantha ndi nzeru za munthu.

Chokhacho, titafika kwa a Gamaliyele kagalasi kaja kankati 75. Tinali titayenda makilomita 40, galimoto n'kudya a 55. Alamu anati zimatero, ikhazikika.

A Gamaliyele anali atachita mbali yawo. Mbande anazula mbandakucha, n'kuziika m'madengu pamthunzi wa mango, atazifunditsa masaka onyowa. Kunali kungonyamula n'kutembenuka.

Koma kodi kwathu kuno munthu amangonyamula n'kutembenuka? Anatiyalira mphasa. Anatilonjera a Gamaliyele, kenako akazi awo, kenako mlongo wawo, aliyense payekhapayekha, kufunsa za kumudzi, za ana, za mwendo wa azakhali. Tili pakati pa malonje ndinaona nkhuku ikuthamangitsidwa kuseri kwa khitchini, ndipo ndinadziwa kuti sitichoka posachedwa.

Nthawi yonseyi injini inali ikulira. Alamu anaisiya choncho poganiza kuti sitikhalitsa.

Ndiye mkulu wina woyandikana nawo nyumba anabwera kudzaona chilombocho. Anachizungulira kawiri, n'kugwira chitseko. Alamu, munthu wa mtima wabwino, anamutsegulira. Mkulu uja atakhala pampando, mphepo yozizira ya makina a m'galimoto n'kumuwomba kumaso, anatseka maso. Kunja dzuwa la pambuyo pa mvula linali likuwotcha. Kenako anatulutsa mutu pawindo.

"Anthuni, bwerani mudzamve! Muno ndi mwezi wa Juni!"

Zinayambira pamenepo. Anthu anayamba kulowa asanuasanu mosinthana, akuluakulu poyamba, amayi pambuyo. Ena ankavula nsapato pakhomo la galimoto. Mayi wina wachikulire anatuluka akusisita mikono, n'kunena kuti akanadziwa akanabwera ndi juzi. Panalibe wokankha mnzake. Zinkachitika mwaulemu ngati anthu akupita kutsogolo m'tchalitchi, ndipo kunena zoona zinali zokoma kuonerera.

A Gamaliyele okha sanalowe. Iwo anayendetsapo thirakitala pa esiteti zaka zambiri. Anandikokera pambali n'kulankhula motsitsa mawu kuti alamu asachite manyazi.

"Mwana wanga, injini ikamalira ndiye kuti ikudya. Yaikulu chonchi, kuima kwake n'chimodzimodzi kuyenda kwa timagalimoto tina. Auzeni azimitse."

Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo ndiuvomera pamaso panu. Ndinayang'ana mzere wa anthu amene anali asanalowe, ndinayang'ananso mmene ankandipatsira ulemu ngati galimotoyo ndi yanga. Ndinayankha kuti, "Asiyeni amveko, bambo. Si tsiku lililonse."

Akuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ine khutu langa ndinalibweza.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale, titatha maola atatu pakhomo paja, nkhuku ili m'mimba. Madengu tinakweza, ndipo anthu asanu ndi awiri olowera njira yomweyo anakwera nawo kumbuyo, poti kukana munthu malo alipo ndi nkhanza. Alamu anayang'ana kagalasi kaja n'kukhosomola. Kankati 43.

Galimoto inamwa mafuta a makilomita oposa 30 osasuntha ngakhale phazi limodzi.

"Ndi 40 basi, tifika," anatero alamu, koma mawu awo anali atachepa.

Sindinaonepo nambala ikutsika ngati mmene inatsikira ija. Tikayenda kilomita imodzi, iyo yachotsa ziwiri. Padambo lina, pomwe ngolo ndi malole zinali zitapondaponda tsiku lonse, galimoto inabangula n'kutuluka bwinobwino ndi katundu yense, okwera kumbuyo mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinawomba nawo mumtima. Nditabweza maso, zisanu zinali zitapita pamalo oti munthu akhoza kuponya mwala n'kuwoloka. Tinazimitsa mphepo yozizira ija, tinatsegula mawindo, alamu akuponda mafuta ngati akuponda mazira. Kenako nambala inazimiririka, panangotsala timizere.

Inatsokomola kawiri n'kuima pakati pa minda, kutatsala makilomita asanu ndi awiri kuti tifike.

Pamenepa ndiyenera kunena chilungamo: galimoto ija sinatinamize mwadala. A Gamaliyele anandifotokozera pambuyo pake pafoni kuti nambala imeneyi imawerengera potengera mmene galimoto yakhala ikuyendera masiku apitawa. Alamu amayenda nayo patala, kupita m'tauni, ali okha. Inkatiuza zoona za msewu wa tala. Za matope a kwathu, za madengu, za anthu okwera kumbuyo ndi za malonje a maola atatu, inali isanazimvepo.

Si mmene timagulira magalimoto ambirife? Timafunsa wogulitsa kuti, "Imamwa bwanji?" Iye n'kutchula nambala yokoma ya m'kabuku, ife n'kumwetulira. Nambala imeneyo anaiyeza kutali, pamsewu wosalala, galimoto ilibe thumba la feteleza ngakhale limodzi. Funso loyenera n'lakuti imamwa bwanji mu Disembala, panjira ya kumunda, itasenza, matayala onse anayi akukoka.

Madalaivala a matola amazidziwa izi popanda kagalasi. Mufunseni aliyense pa Nathenje, akuuzani malita a ulendo wopita, a ulendo wobwerera atadzaza, ndi owonjezera kukagwa mvula. Anaphunzira pokankha. N'chifukwa chake akaima kudikira anthu amazimitsa injini, ngakhale mumve kutentha bwanji.

Ndiye taonani magalimoto akuluakulu amene amabwera kumisonkhano m'midzi mwathu muno. Mabwana ali pansi pa mtengo akukamba za chitukuko, panja magalimoto ali ndandanda, injini zikulira, mawindo otseka, kuti mpando usatenthe. Ndinkadutsa pamenepo n'kumasirira. Tsopano ndikamva kulira kumeneko ndimaganiza za ulendo umene ukupserera pamalo amodzi, mwina wa wodwala amene mawa adzauzidwe kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mafuta akonso ndi amene ali m'thanki, osati amene akuwala pagalasi.

Tibwerere pakati pa minda paja. Anthu aja anatsika, natithokoza, n'kupitiriza wapansi. Ine ndinayenda kukafuna ngolo kumudzi wapafupi. Mwini wake anali kudambo ndi ng'ombe, ndiye mpaka azibweretse, azimange m'goli, dzuwa linali litatsika. Alamu anatsala akulondera galimoto, atakhala pachitsulo chokwerera chija, chipewa chili kumaso.

Ndinafika kwa azakhali kukuyamba kuda. Amayi akumpingo anadikira kumunda kuyambira masana, ndipo anali atabalalika kukaphikira ana. Azakhali anavundukula dengu loyamba, n'kupisa dzanja mpaka pansi. Mbande zapamwamba zinali zitalefuka, zapansi zitatenthana zokhazokha mpaka kuyamba kuterera.

Sanandifunse kuti tinachedwa kuti. Anatenga ndowa n'kuyamba kuwaza madzi, akusankha imodziimodzi. Mawa lake anawokera ndi amayi atatu amene anatha kubweranso. Loweruka ndinapita kukaona. Mizere yakumtunda yagwira ndithu, timasamba tadzuka. Kuyambira pakati kutsikira kumunsi ndi dothi lokhalokha, muli timitengo touma apa ndi apo. A Gamaliyele alibenso mbande zina, ndipo aliyense m'deralo anawokera kale zake. Azakhali akuti theka limenelo adzalamo soya, ngati apeze mbewu.

Fodya ameneyu ndi amene amalipirira mdzukulu wawo sukulu ya sekondale.

Ndikutsanzika anandiuza kuti ndidikire. Analowa kukhola n'kutuluka ndi tambala atamumanga miyendo.

"Ukawapatse alamu ako," anatero. "Ukawauze kuti ndathokoza kwambiri. Galimoto yaikulu ngati imene ija kuilowetsa m'matope chifukwa cha ine, ndine yani ine? Mafuta ake mwina anawathera ambiri."

"Anatha ndithu, azakhali," ndinayankha.

"Ndinadziwa. Msewu umene uja ndi woipa."

Ndinanyamula tambala uja. Ndinayenda naye mpaka kumsewu akundikupizira mapiko m'khwapa. Azakhali mpaka lero akudziwa kuti chimene chinawalanda theka la munda ndi msewu. Inu awerengi, mukanakhala ine, mukanabwerera kukawauza kuti mafuta a mbande zawo tinaziziritsira anthu pamthunzi wa mango, ndipo amene anati asazimitse injini ndi mwana wa mchimwene wawo?