Zikombole za Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankaumba nyama za simenti. Kwawo kunali ku Milepa, koma monga mkamwini aliyense kwathu kuno, anamanga pamalo a akazi awo, kufupi ndi Namitambo. Mikango, ng'ona ndi mbidzi ankazindandalika pabwalo. Ogula anali eni malo ogona alendo ndi anthu a mipanda ya njerwa a ku Limbe.

Ntchito inkayamba ndi dongo la kudambo. Ankaumba nyamayo ndi manja, n'kuikuta ndi pulasitala wosakaniza ndi ulusi wa khonje, m'zigawo zogwirana bwino. Pulasitala akauma ankachotsamo dongo lija, n'kutsala chikombole. M'kati mwake ankapakamo oyilo wakutha wa galimoto kuti simenti isamatirire. Mafupa a nyama anali zitsulo zopinda ndi waya wa khola la nkhuku. Mchenga unkayenera kukhala wa mumtsinje, wosefa, wopanda dothi. Akathira simenti ankagogoda chikombolecho ndi kamtengo kuti mpweya utuluke. Nyama ikatuluka inkagona pamthunzi, itafunditsidwa masaka onyowa, chifukwa youma msanga padzuwa imang'aluka.

Mkango ukagulidwa, wina unkabadwa m'chikombole chomwecho. Chuma chawo chinali zikombolezo, ndipo chimodzi chinkawadyera nthawi yaitali kuti chitheke.

Achemwali anamwalira osasiya mwana. Maliro atatha, abale anakhala pansi kuti awasudzule alamuwo, abwerere kwawo. Ndinalipo, nditachokera kuntchito ku Blantyre. Amalume anagamula kuti chilichonse chochokera m'nthaka ya banja lathu chitsala: nyumba, nthochi, ndi nyama zonse za pabwalo, poti mchenga wake unali wa mumtsinje wathu. Alamu sanatsutse. Anangopempha zikombole, nanena kuti pulasitala ndi khonje anachita kugula.

Amalume anaseka. "Nanga nkhope ya mkangoyo munagulanso, akamwini? Si dongo la m'dambo lathu limenelo?"

Anthu anaseka nawo. Ndinanena kuti m'zikombolemo mulibe dongo ngakhale pang'ono, koma anandiyankha kuti za kumudzi sazidziwira m'tauni.

Alamu anapatsidwa masiku ochepa oti alongedze. Ali pomwepo, ana awiri a amalume, amuna a ndevu zawo, anatulutsa chikombole cha mkango kuti ayambe okha bizinesi. Anatapa mchenga wa m'mbali mwa msewu, anathira simenti osapaka oyilo, osaikamo chitsulo. Alamu anali chikhalire pakhonde, akuona zonse. Anayesa kunena za oyiloyo, koma wamkulu mwa awiriwo anawauza kuti mlendo salangiza eni mudzi ntchito.

Kutacha chikombole chinakana kutseguka. Anachikoka, anachiponda, kenako anawaitana alamu aja kuti awauze pogwira. Iwo anayenda ndi chala pamzere wolumikizira zigawo, n'kunena motsitsa kuti zagwirana, sizingalekanenso.

"Ndiye tiswa chigobachi, titenge mkango wathu," anatero wamng'ono.

Anaswa ndi mutu wa khasu. Pulasitala ankathetheka, khonje n'kumalendewera. Mkango unatuluka wopanda chibwano, ndipo pounyamula miyendo yakutsogolo inatsalira pansi. Anauguguzira kudzala, akutsutsana za amene analakwitsa.

Bizinesi inathera pamenepo, koma zikombole zotsalazo sanabweze. Amayi aang'ono anaona kuti zigawo za ng'ona n'zazitali bwino, ndiye anaziika m'khola la nkhumba kuti azithiramo madeya. Za mbidzi anaikamo madzi a abakha. Pulasitala sagwirizana ndi madzi, ndipo alamu anawauza zimenezo, kuti mwina azisiye.

Tsiku lonyamuka, kabaza ataima pabwalo, alamu anapita kukhola kuja, kumene kunali amayi aang'ono, atavula chipewa. Anapempha chigawo chimodzi chokha, cha kumutu kwa ng'ona, kuti akakhale ndi poyambira. Amayi aang'ono sanatembenuke. Anati nkhumba zazolowera kale kudyera mmenemo.

Alamu anaimabe pang'ono, akuyang'ana nkhumba ikukukuta m'mphepete mwa chigawocho. Kenako anakwera kabaza uja ndi thumba la zovala, sefa ndi mpeni wa omanga nyumba, ulendo wa ku Milepa.