Mabodza a Teunis Schouten

Mkaka wa ng'ombe zanga ndaupereka kwa a Schouten zaka makumi atatu ndi zinayi. Pakati pa khola langa ndi nyumba yawo pali ngalande ndi kamlatho ka matabwa basi, ndiye za pakhomo pawo zinkandipeza ndisanazifunse. Mayi a pakhomopo, a Neeltje, anali ndi mawu oti akamaitana mphaka, ng'ombe zanga zinkatembenuka.

Amuna awo, a Teunis, anali mmisiri wosema nsapato za mtengo monga analili bambo awo. Anali ndi chibwibwi chachikulu kuyambira ali mwana. Kusukulu aphunzitsi anawakhazika kumbuyo n'kuwaiwala, ndipo atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi analowa m'shedi ya bambo awo, momwe munthu amagwira ntchito tsiku lonse osafunsidwa kanthu. Ankadula msondodzi ukadali wauwisi, kuuwaza ndi nkhwangwa, kuusema ndi chimpeni chachitali chokoweka pachipika, kenako kugoba mkati. Phazi la munthu ankaliyang'ana kamodzi, nsapato n'kukwana.

Nkhani ya ukwati wawo a Neeltje ankaifotokozera aliyense wokhala pansi kumwa khofi.

"Anandiperekeza panjinga kuchokera ku Purmerend, mvula ikutsanuka. Tafika pachipata, iye akuti, 'Neel, ko-ko-kodi...' Ine ndili chilili, madzi akulowa m'khosi. 'Kodi u-u-unga...' Ndinangoti, 'Eya, ndavomera, koma ukwati mu Meyi.' Mpaka lero sindidziwa. Mwina mwana wa eniake ankangofuna kubwereka pampu ya njinga."

"Pa-pampu," ankatero a Teunis akuviika bisiketi m'khofi, maso akuseka.

Ntchito yosema inayamba kufa alimi atazolowera jombo za mphira. Amene ankafunabe nsapato za mtengo ankagula za kufakitale, komwe makina amatulutsa peyala khofi asanazizire. A Teunis anakhala miyezi akunola zipangizo zonolanola kale. Chimene chinkadyetsa banja chinali tchizi cha a Neeltje, chopangidwa monga anawaphunzitsira mayi awo owabereka.

Tsiku lina galimoto ya anthu a ku Italy inasochera n'kuima pabwalo. Anafunsa njira, koma a Neeltje anawaveka maepuloni n'kuwapatsa mthiko kuti atakase mkaka, poti manja awo anali atatopa. Anthu aja anachoka dzuwa litapendeka, aliyense atanyamula katchizi kake ndi kansapato kopotoka kamene anagoba yekha. Sabata yotsatira a Neeltje anakhoma chikwangwani kumsewu. Patatha zaka ziwiri mabasi anayamba kuima pakhomopo, ng'ombe zanga n'kuzolowera kujambulidwa.

Ntchito anagawana chonchi: a Neeltje ankalankhula m'chipinda cha tchizi, akatha ankatsogolera alendo ku shedi n'kukalankhulanso kumeneko. Ankadziwa mawu khumi khumi a zinenero zambiri, ndipo akawathera ankamalizira ndi manja. A Teunis sankatsegula pakamwa. Mlendo akagwira chogobera molakwika, ankaima kumbuyo kwake, kuika manja awo okhakhala pamwamba pa manja ake, n'kupotoza naye limodzi mpaka mtengo utayamba kutulutsa timapande topindika. Ena ankabwerera kwawo akuganiza kuti bamboyo ndi wosalankhula.

Mmawa wina mu Okutobala ndinawoloka kamlatho ndi mkaka osamva mawu alionse. Ndinapeza a Neeltje ali thapsa pasimenti yonyowa, a Teunis atagwada, dzanja limodzi litachirikiza mutu wa akazi awo, lina lili ndi foni. Kufoniko munthu ankafunsa dzina la msewu, koma dzinalo linawakakamira pakhosi. Ndinalanda foniyo n'kuyankha.

Inali sitiroko. A Neeltje anakhala kuchipatala miyezi itatu. Pobwera, dzanja lamanja linali litafa, phazi lamanja litapindikira mkati, ndipo mawu anali atapita onse. Ankamva zonse, maso ankanena, koma pakamwa pankangotuluka mpweya.

Mwana wawo Hilde, amene ndi namwino ku Utrecht, anabwera n'kutikhazika pansi kukhitchini.

"Ababa, tichotse chikwangwani chija. Alendo aziwalankhula ndani? Inu?"

A Teunis anayang'ana akazi awo, amene anali pazenera atatembenukira kukhola.

"I-ine."

"Ababa, inu pogula buledi mumangoloza."

"Ndi-ndilozanso tchizi."

Hilde anaseka misozi ili m'maso, n'kundiyang'ana ine ngati ndiwaletse. Ine ndinati, "Mkaka ndibweretsa ngati kale." 

Nyengo yozizira yonseyo a Teunis anasema nsapato imodzi. Phazi lopindika lija silinkalowa mu nsapato iliyonse, ndipo pasimenti ya m'chipinda cha tchizi munthu sangaime ndi masilipasi. Ankagwada masana alionse, kuligwiragwira phazilo ndi zala, kupita ku shedi, kubweranso kudzayesa. Zisanu ndi imodzi anaziponya pamoto. Yachisanu ndi chiwiri inali yosaoneka bwino, yotupa mbali imodzi ngati mbatata, koma a Neeltje ataivala anaimirira n'kuyenda kuchokera pampando mpaka pachitseko atagwira phewa la amuna awo. Kenako a Teunis anawapangira mpando wautali wokhala ndi chotsamira, n'kuuika pambali pa mphika waukulu wa mkaka.

Kupanga tchizi a Teunis anali atakuona zaka zambiri, koma kuona si kudziwa. Amene ankadziwa anali chala cha a Neeltje cha kumanzere. Ankachilowetsa mumkaka woundana n'kuchikweza pang'onopang'ono. Ukang'ambika bwino ankagogoda mphika kamodzi ndi chipande, ukakhala usanafike ankagogoda kawiri.

Alendo oyamba mu Epulo anali amayi a kwaya ochokera ku Belgium. Ndinatsala dala kuti ndione. A Teunis anaima kutsogolo atavala epuloni ya akazi awo, thukuta lili kamukamu.

"Ta-ta-ta..."

Amayiwo anadikira. Wina wachikulire wa ndodo anati, "Musathamange bambo, basi yathu inyamuka folo koloko."

"Takulandirani," anamaliza, ndipo amayi aja anaomba m'manja ngati wamaliza nyimbo.

Anapitiriza movutika choncho mpaka pofotokoza kutentha kwa mkaka. Chifukwa cha mantha ananena madigiri makumi anayi m'malo mwa makumi atatu. Chipande chinalira pamphika ngati belu. A Neeltje nkhope inali itafiira, milomo ikugwedezeka, khosi likukoka. Mawu sanatuluke, koma anafika pafupi kuposa tsiku lina lililonse. A Teunis anawayang'ana nthawi yaitali.

Madzulo ake anandipeza ndikukama.

"Aneba, mayi wo-wophunzitsa kulankhula wa kuchipatala anati mawu alimo. A-akungofuna chowakoka."

"Ndiye?"

"Neel sa-sapirira bodza."

Kuyambira tsiku lotsatira, munthu amene sananamepo moyo wake wonse anasanduka wabodza wa mudzi wathu. Ankauza alendo kuti mabowo a m'tchizi amaboola ndi mbewa ziwiri zimene amazilemba ntchito Lachiwiri. Ankati tchizi chimakhala chachikasu chifukwa ng'ombe za aneba zimaba maluwa m'minda ya anthu. Ankati zikombole zozungulira zinayamba chifukwa agogo ake a Neeltje anakhalira tchizi mwangozi. Bodza lililonse ankalinena akuyang'ana cham'mbali kumpando wautali, ndipo chipande chinkalira mpaka mphika unachita timaenje. Alendo ankafa nako kuseka, kenako iye ankakonza n'kunena zoona. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti akamanama chibwibwi chinkachepa.

Hilde atamva anakwiya. "Ababa, mukuwazunza amayi!"

Koma a Neeltje anamukoka malaya mwana wawoyo n'kupukusa mutu. Mmawa uliwonse ankakhala atavala kale nsapato yawo, chipande chili m'manja, kudikira basi.

Zinachitika mu Juni, Lachinayi. M'chipinda cha tchizi munali banja la ku Groningen ndi anthu ena ochepa, onse manja ali m'zikombole akupsinja titchizi tawo. Ine ndinali pakhomo ndi zigubu. A Teunis anapukuta manja n'kunena modekha:

"Ka-kapangidwe konseka n'ka mayi anga. Neel po-pobwera pano sankadziwa n'kuwiritsa dzira lomwe."

Chipande sichinalire. Chinagwa pansi.

"Bodza!"

Mawuwo anali okhakhala, opotoka, koma anali a Neeltje, ndipo anamveka mpaka kukhola. A Teunis anaima chilili.

"Wati chiyani, Neel?"

"Bo-dza." Anapuma, nakokanso mpweya. "Chitsiru."

Alendo anaseka n'kuomba m'manja poganiza kuti ndi sewero la masiku onse. A Teunis anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, kuiika pamiyendo ya akazi awo, n'kutuluka. Ndinawapeza ku shedi atakhala pachipika, nkhope ili m'manja, mapewa akugwedezeka.

"Aneba, mwamva? Wa-wanditukwana."

"Ndamva. Ng'ombe nazonso zamva."

Anakhala limodzi zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mawu a Neeltje anabwerera ochepa, mwina makumi anayi, ndipo ambiri anali odzudzula. Ankatha kunena "mchere", "khofi", "Hilde", "msanga". Dzina la amuna awo linawavuta kwa chaka chathunthu. Tsiku limene linatuluka, a Teunis anatseka shedi masana, kuwakweza panjinga ya mipando iwiri yogundizana imene anagula, n'kupita nawo kukadya nsomba yokazinga kudoko la Volendam, ngati alendo ochokera kutali, chonsecho ndi ulendo wa theka la ola chabe.

A Neeltje anamwalira mu Epulo, sabata imene timatulutsa ng'ombe kubusa koyamba. Anagona masana atatha kudya, osadzukanso. Dzulo lake anali atagogoda mphika kamodzi monga mwa masiku onse, ndipo tchizi cha tsikulo chinali m'madzi amchere. Pachipwirikiti cha maliro aliyense anachiiwala. Chinayenera kukhalamo masiku awiri, chinakhala masiku asanu ndi anayi.

Hilde anati chitayidwe. A Teunis anachipukuta n'kuchiika pathabwa lapamwamba pachokha. Ankachitembenuza Loweruka lililonse. Chipinda cha tchizi anachipereka kwa banja lina lachinyamata la m'mudzi momwemo, iwo n'kubwerera ku shedi, komwe mpaka pano amaima kumbuyo kwa alendo n'kuwagwira manja. Masiku ano amalankhulako, pang'onopang'ono, ndipo amanena zoona zokhazokha.

Patatha zaka ziwiri anatiitana Lamulungu masana, ine ndi mayi a kunyumba kwathu, Hilde ndi mwamuna wake. Anayala nsalu yoyera patebulo, kuika buledi wakuda, n'kutsitsa tchizi chija. Chinali chitauma moti mpeni unakana, anachita kuchiswa ndi tchizulo chosemera cha ku shedi. Aliyense anatenga kachidutswa.

Mchere wake unali woti lilime linachita kukwinyika. Mwamuna wa Hilde anatsokomola n'kuyang'ana pampopi. 

A Teunis anatafuna nthawi yaitali, n'kumeza.

"Cha-chaipa," anatero. "Neel akanatipha tonse."

Hilde anayamba kuseka, ife tonse n'kutsatira. Mayi a kwathu anadzuka kukatunga madzi m'jagi. A Teunis anaswanso chidutswa china chachikulu n'kundiikira m'mbale, ndipo tinakhala pamenepo mpaka nthawi yokama, tikudya ndi kumwera madzi.