Wometa Amene Anachitira Nsanje Galasi

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pazitseko zosatseguka, bwerani kuno ndikuuzeni za wometa tsitsi wina. Anzake ankamutchula kuti Lumo, ndipo nanenso ndizimutchula choncho.

Tsiku limene kalata ya apolisi inafika, Lumo anali pabenchi ya makasitomala m'babashopu imene anagwiramo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, kudziko la eni. Dzanja lake lamanja linali m'bandeji, zala zitatu zitapindika ngati phazi la nkhuku. Chilankhulo cha kumeneko ankachidziwa mwapatalipatali, koma mfundo ya kalatayo anaimva. Mlandu wake unali utatsekedwa chifukwa umboni unali wosakwanira.

Chinachitika n'chakuti masana ena mwana wa mwini nyumba imene munali babashopuyo analowa ataledzera, n'kufuna kumetedwa osakhala pamzere. Lumo anamupempha mwaulemu kuti adikire. Munthuyo ananyamula mpando n'kuswa galasi lalikulu lakutsogolo, kenako anatola chibenthu n'kumucheka nacho Lumo pamkono. Mitsempha inaduka.

Ndiye tamvani kupusa kwa munthu woleredwa bwino. Akudikira ambulansi, thawulo lili pamkono, Lumo anauza anzake kuti asese ndi kukolopa, kuopa kuti odutsa angawaone ngati auve. Chibenthu chija chinapita kudzala, magazi n'kutsukidwa. Atatuluka m'chipatala anapita kupolisi atavala shati yosita bwino, akumwetulira, n'kuyamba ndi kupepesa kuti akuwatayitsa nthawi. Womuvulazayo anali atanena kale kuti Lumo anadzicheka yekha ndi lumo lake pokankhana. Bwana wa babashopu, poopa kuthamangitsidwa m'nyumbamo, anati sanaone kanthu.

Koma galasi, abale anga, linali ndi mwayi. Kunabwera anthu a inshuwalansi, analijambula, analiyeza, analilembera mapepala, ndipo pasanathe masiku atatu panali latsopano likung'anima. Lumo ankaliyang'ana mtima ukumuwawa. Sindikubisirani, munthu wamkulu wa ana awiri anachitira nsanje galasi.

Nsanje yeniyeni inali pa mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene ankamutchula kuti Kandevu. Lumo ndi amene anamuitanitsa kuchokera kwawo n'kumuphunzitsa kagwiridwe ka mashini. Koma Kandevu anali wochangamuka. Chilankhulo anachimeza m'chaka chimodzi, ankaseketsa makasitomala, ndipo tsopano mpando wa pawindo, umene unali wa Lumo, unali wake. Lumo akamva mashini akulira m'dzanja la mlamu wakeyo, zala zake zopindikazo zinkachita kuyabwa.

Kandevu anaona zonse tsiku lija. Lumo ali m'chipatala, Kandevu anamufunsa kuti, “Alamu, ndikalankhule ndi apolisi?”

“Inu zimetani tsitsi. Za ine zisiyeni,” anatero Lumo.

Ndipo apolisi atamufunsa Lumo ngati panali mboni, iye anati panalibe. Kupulumutsidwa ndi munthu amene anamuphunzitsa yekha ntchito kunamukanika kumeza.

Poti manja analibe chochita, anayamba kupita kukhoti kukangokhala pabenchi yakumbuyo, pamene aliyense amaloledwa. Sanapite kukaphunzira ayi, anapita kukadzipweteka mtima. Anaona mayi wina akuwina mlandu wa mpanda umene woyandikana naye anagwetsa. Anaona bambo wina akumvetseredwa ola lathunthu pa nkhani ya galu wake. Aliyense akatuluka akukumbatira loya wake, Lumo ankang'ung'udza chamumtima kuti, nanga ine ndinalakwa chiyani?

Koma nsanje ili ndi maso akuthwa. Pofuna kudziwa chimene anthu aja anali nacho chomwe iye analibe, anayamba kuzindikira zinthu. Owina milandu sankabwera ndi misozi kapena ulemu wokha, ankabwera ndi mapepala. Anagula kope n'kumalemba ndi dzanja lamanzere mawu aliwonse obwerezedwa, zilembo zake zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani. Kunyumba ankafufuza tanthauzo lake pafoni. Patatha miyezi inayi anatha kufunsa mlonda wa pachipata, m'chilankhulo chothyokathyoka, ngati mlandu wotsekedwa umatsegulidwanso.

Mlondayo anamulozera kaofesi kena kumapeto kwa khonde, komwe maloya ankathandiza anthu mwaulere. Anapitako kanayi. Ulendo woyamba anapeza potseka, wachiwiri anamuuza kuti womasulira palibe, wachitatu anamutumiza kuchipatala kukatenga lipoti la dokotala. Ulendo wachinayi loya wina wamkazi, wa magalasi ochindikala, anawerenga lipotilo kawiri. Dokotala anali atalemba kuti m'balamo anachotsamo tizidutswa ta galasi.

“Ili si bala la lumo,” anatero loyayo. “Koma popanda munthu amene anaona, adzati munagwera pagalasi nokha. Kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti nthawi yopempha kuunikanso mlandu ithe. Palibedi amene anaona?”

Lumo anati akaganiza. Masiku asanu ndi limodzi anatha akuganiza. Mkazi wake, amene anatsala kwawo, atamva nkhaniyi pafoni sanazungulire.

“Abambo ake, inu mukulimbana ndi ndani kwenikweni, amene anakuchekani kapena mlongo wanga?”

M'mawa mwake Lumo analowa m'babashopu n'kukhala pampando wa pawindo. Chivulalireni anali asanalole Kandevu kumugwira kumutu, moti ndevu zinali zitamera ngati tchire. Kandevu anamufunditsa nsalu n'kuyatsa mashini.

“Alamu,” anatero Lumo akuyang'ana pansi, “ndinkakuchitirani nsanje. Ndisanavulale n'komwe.”

“Ndikudziwa. Mumaganiza kuti mumabisa?”

“Ndikufuna mukaikire umboni.”

Kandevu anazimitsa mashini. Bwana anali atawachenjeza onse kuti wokatsegula pakamwa kukhoti asadzabwererenso pantchito, ndipo Lumo ankadziwa zimenezi.

“Dzutsani mutu, alamu, ndingakuduleni khutu n'kuwonjezera milandu,” anatero Kandevu. “Ofesi ya loyayo amatsegula nthawi yanji?”

Pempho linalowa kutatsala tsiku limodzi. Ntchito ya Kandevu inathadi sabata yomweyo. Mlandu unazengereza chaka china chathunthu, ukuimitsidwa lero, kusunthidwa mawa, ndipo alamu awiriwa ankagawana chipinda chimodzi ndi mbale imodzi. Panali masiku amene Lumo ankafuna kungolongedza n'kubwerera kwawo, koma akaona mlamu wake akumeta anthu pakhonde ndi mpando wobwereka, manyazi ankamubweza.

Tsiku la mlandu, womasulira analipo, koma Lumo anapempha kuti mawu oyamba anene yekha. Anakweza dzanja lake kuti woweruza alione, n'kunena m'chilankhulo cha eni dziko chomwe kuti, “Dzanja ili linkadyetsa ana anga. Sindinadzicheke.” Kandevu anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pampando mpaka pachibenthu. Loya wa mbali inayo anamupanikiza ndi mafunso kwa ola lathunthu koma sanasunthe. Woweruza anapeza mwana wa mwini nyumba uja wolakwa, ndipo anamutumiza kundende.

Dzanja silinabwerere mwakale, musaganize kuti khoti limalumikiza mitsempha. Lumo anaphunzira kumeta ndi lamanzere, ndipo makasitomala oyamba anatuluka ndi mitu yoti chipewa chinali chofunika. Lero awiriwa ali ndi kachipinda kawo ka mipando iwiri. Mzere wa Kandevu ndi wautalibe kuposa wa Lumo, ndipo Lumo amauwerengabe ndi diso la m'mbali, poti munthu sasinthiratu. Koma alendo anzawo akavulazidwa kapena kuponderezedwa, amabwera kwa iye, ndipo amawauza khomo loyenera kugogoda ndi pepala loyenera kunyamula.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli pabenchi yakumbuyo, mukuona ena akuwina. Yang'anitsitsani chimene iwo akuchita, muphunzire. Ndipo ngati amene angakuthandizeni ndi munthu yemwe dzina lake limakuwawani kutchula, pitani kwa iye masiku asanathe. Musataye mtima, ndipo musalole kuti nsanje itseke mlandu umene mdani wanu analephera kutseka.