Nsanza Yofiira Kumtsinje wa Ngwerere

Mukhulupirire kaya musakhulupirire, izo n'zanu, koma ine sindikupeka, zinandichitikira ndi thupi langa lomweli. Inali nthawi ya boma la chitaganya, chimanga chitauma m'minda, ine ndikungokhala kukomboni ya Matero sukulu itandikana. Atate atatopa kundiona pakhomo anandiuza kuti ndipite ku Chongwe kwa amalume ogulitsa nsomba zouma pamsika, mwina iwo akandipatsa chochita. Wondiperekeza panalibe, ndani akanataya tsiku lake chifukwa cha ine?

Ndinatsata mtsinje wa Ngwerere, poti kumsewu apolisi ankafunsa chitupa ndipo ine ndinalibe. Udzu wautali utayamba kuuma, kamphepo kozizira, madzi ataphwa, munthu osaoneka, ngakhale galu. Dzuwa lili pamutu ndinaponda chitsa, chidendene n'kung'ambika. Pamkuyu wina, pamene kanjira kamalowa m'thengo, panapachikidwa nsanza yofiira, ndiye ndinaikoka n'kumangira bala. Ndikanadziwa bwanji, mwana wobadwira m'komboni?

Ndisanapite patali ndinamva mluzu m'bango, wina n'kuyankha kutsidya. Ndikaima kuli zii, ndikayenda bango likugwedezeka kunditsatira. Kenako ndinachiona chilombo, thupi lonse matope, kumutu nthenga zokhazokha, chikwapu m'manja, chikungondiyang'ana. Ndinafuna kukuwa, koma ndikanaitana ndani?

Ndinathamanga motsimphina mpaka ndinapeza mayi wina akuchapa pamwala, mmodzi mwa anthu ogwira ntchito m'mafamu a azungu. Ataona phazi langa anagwetsa chovala m'madzi, n'kundifunsa monong'ona ngati ndinalowa gule. Nditati ayi, anati nsanzayo imasonyeza dambwe, malo obisika a Gule Wamkulu, ndipo wosalowa akaichotsa amamugwira, ena sabwerako ali bwino. Apo n'kuti miluzu itatizungulira. Mayiyo anagwada, maso pansi, n'kumaomba m'manja kuloza kubango, akuti ndine mwana wawo wochokera m'tauni, chitsiru chopanda wochilangiza, andikhululukire. Anandimasula nsanzayo, anaiika pamwala ili magazi okhaokha, n'kundiuza ndizipita osacheuka. Mluzu unandilondola mpaka ndinaona madenga a msika. Dzina la mayiyo sindilidziwa, ngakhale zikomo sindinanene.

Nditabwerera ku Matero ndinafotokozera atate. Anangoti za kumudzi anazisiya ku Nyasalande tsiku lomwe anabatizidwa, ndisatchulenso zachikunja m'nyumba mwawo. Nkhani inathera pomwepo, bala ndinalipoletsa ndekha.

Ena amati zilombozo ndi mizimu, ena amati ndi anthu, ine zimenezo sizindikhudza. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti amene akanandiphetsa ndi munthu wodziwa zonsezi amene anasankha kukhala chete. Inu makolo a m'makomboni, pempherani mmene mungafunire, koma mwana musanamutume yekha m'tchire muuzeni zimene zilimo. Si pamwala uliwonse pamene pamakhala mayi wochapa.