Azakhali ndi Chitofu cha Gasi

Pakhomo pa Aphunzitsi aliyense amawatchula kuti Azakhali, ngakhale palibe ubale uliwonse. Anayamba kuphika pamenepo mwana woyamba asanamere mano. Lero mwanayo ali ndi ndevu, ndipo m'nyumbamo mukukwawa mdzukulu.

Zaka zonsezo ankaphika ndi mphuno. Ali panja kuyanika zovala ankadziwa kuti mpunga watsala pang'ono kupserera. Koma chaka chatha anadwala chimfine chachikulu, milungu itatu ali gone. Atadzuka anapeza mphuno yafa. Anyezi, sopo, thewera la mwana, zonse zinangokhala ngati madzi.

Sanauze munthu. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo olira pokwera masitepe, atachotsedwa ntchito angalowere kuti? Anangophunzira kuphika ndi maso. Mazira ankayamba awaika m'kapu ya madzi, loyandama n'kulitaya kudzala. Mkaka ankautenthetsa pang'ono m'supuni, ukachita mibulu ndiye kuti wasasa. Mafuta ankawayesa ndi kanyenyeswa ka buledi. Nyama yolowa m'firiji ankaimanga ulusi, mfundo imodzi Lolemba, ziwiri Lachiwiri, ndipo pakona ankaikapo khala loti liziyamwa fungo limene iwo sakanalimva. Mphika ukakhala pamoto sankasuntha. Zochapa zinkadikira mpaka ataphula, motero tsiku linkatalika, miyendo n'kutupa. Akafika kwawo ankangovula nsapato n'kukhala pabedi, osayatsa ndi moto womwe.

Mwezi watha Aphunzitsi anagula chitofu cha gasi.

"Azakhali, makala mwatsanzikana nawo," anatero Amayi, akazi a Aphunzitsi, uku akusisita chitofucho. "Kungoti gasi akamatuluka ndi woopsa. Koma amanunkha ngati mazira oola. Ndi mphuno yanu ija, ife nkhawa tilibe."

"Ndamva, Mayi."

Azakhali anali ataona mmisiri wobweretsa chitofucho akupaka thovu la sopo polumikizira paipi, n'kudikira ngati lingatukusire. Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse onse akachoka, ankagwada pasimenti ndi kambale ka thovu n'kuchita chimodzimodzi. Kugwada kunali kosavuta. Ntchito inali podzuka.

Lachinayi lina Amayi anabwerera panjira kudzatenga makiyi amene anaiwala, n'kuwapeza ali chigwadire.

"Ii, Azakhali, botolo la gasi nalonso layamba kusamba?"

Azakhali anayesa kuseka, koma sizinatheke. Mdzukulu uja anali atawatsatira m'khitchini, akudziimiritsa pamwendo wa tebulo, dovu lili chuchuchu. Azakhali anamuyang'ana mwanayo, kenako anaika kambale pansi.

"Mayi, mphuno yanga inafa. Chaka chikukwana tsopano."

"Mukuti chiyani?"

"Sindimva fungo lililonse. Sopoyu amandiuza za m'mawa zokha. Gasi atayamba kutuluka masana, ine ndi mwanayu tili muno awiriwiri, sindingadziwe kanthu."

"Chaka chathunthu! Nanga zonse takhala tikudyazi?"

"Alipo anatsegula m'mimba?"

Amayi anakoka mpando n'kukhala, makiyi ali m'manja. Anayang'ana chitofu, anayang'ana mwana.

"Munalekeranji kundiuza?"

"Ndinkati mwina ibwerera. Komanso ndikanati chiyani? Wophika wopanda mphuno amamusunga ndani?"

"Inu mumadziwa kundikwiyitsa, Azakhali. Ndani wanena zokuchotsani?" Amayi anapumira m'mwamba. "Koma kukhitchini kuno ayi. Sindingakhale kuntchito mtima uli m'mwamba. Muzichapa, muzisita, muzilera mwana. Wophika tifuna wina."

Azakhali anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kudzuka pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo. Anatseka gasi, anapukuta thovu lonse, n'kutsuka kambale kaja. Epuloni anaivula, koma anaima nayo m'manja osadziwa poikoleka, popeza msomali wake unali kuseri kwa chitseko cha khitchini.

"Wobwerayo mudzandilole ndimuonetse pokhala zinthu," anatero. "Mipeni sagoneka m'madzi."

Atatero anabereka mwana n'kutuluka kukatenga beseni.