Kope Lakuda la Mayi Bolopeni

Pasukulupo palibe amene amawatchula dzina lawo. Ana, aphunzitsi anzawo, ngakhale a hedi, onse amangoti Mayi Bolopeni, chifukwa cha bolopeni yofiira imene imakhala yosomeka m'tsitsi mwawo kuyambira belu loyamba mpaka loweruka. Aphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zitatu. Mwana akalakwa samu, iwo amakopera cholakwacho m'kope lawo lachikuto chakuda, pansi pake n'kulemba chimene chamusokoneza ndi mmene adzamuthandizire mawa lake.

Chaka chino bungwe loona za uphunzitsi m'dziko lonse linatumiza kabuku ka miyezo yatsopano. Mphunzitsi aliyense anayenera kusonkhanitsa umboni wa ntchito yake m'fayilo kuti chiphaso chake chiwonjezeredwe zaka. Popanda chiphasocho, m'kalasi sakanalowamonso.

Mayi Bolopeni sanatekeseke. Kabukuko anakawerenga kawiri, kenaka anasankha mapepala a ana okhoza zonse okhaokha, mpaka kuwasita ndi simbi kuti makwinya achoke. Kope lakuda lija analibisa m'kabati, kuseri kwa bokosi la choko.

"Achemwali, mwafika posita mayeso?" anaseka wachiwiri kwa a hedi. "Mawa mudzatisitiranso ana!"

"Sekani, achimwene. Mukufuna anthu a ku bungwe aone zofufutafufuta?"

Lachitatu m'mawa kunabwera woyendera wa ku bungwe, mayi wamagalasi wosathamanga polankhula. Anakhala pa desiki ya ana, mawondo akugunda thabwa, n'kuvundukula fayiloyo mpaka kumapeto.

"Amayi, ana awa anabadwa akudziwa kale? Muno ndikuonamo ana anzeru, koma inuyo sindikukuonanimo. Kabuku kathu kakufunsa zimene mumachita mwana akalakwa. Pamenepa sindingasaine."

Mayi Bolopeni anayang'ana mapepala awo osalalawo. Kenaka anatulutsa makiyi, natsegula kabati. Kopelo linatuluka litayera ndi fumbi la choko, ngodya zitapindika.

Woyenderayo anawerenga mokweza: "'Akuiwala kubwereka khumi pochotsera. Mawa: mitolo ya timitengo khumikhumi, amasule yekha.' Ndiye mawalo zinatheka?"

"Tsegulani tsamba linalo," anatero Mayi Bolopeni. "Anamasula mitolo masiku anayi. Lachisanu ndi iye amaphunzitsa anzake."

Woyenderayo anawerenga masamba ambiri osadzutsa mutu. Atasaina fomu, anapempha kujambula ena pa foni kuti bungwe lizionetsa aphunzitsi atsopano.

"Jambulani," anatero Mayi Bolopeni, akung'amba timapepala, "koma poyamba tiphimbe mayina. Zolakwazi ndi zanga ndi ana anga, si za dziko lonse."

Tsopano kopelo limakhala pa tebulo, poyera. Wachiwiri kwa a hedi akadutsa amafunsabe ngati nalonso alisita. Iwo amangosolola bolopeni m'tsitsi, n'kumulozera nayo khomo.