Tchalitchi Chimene Chinafupika ku Kabwe

Tinanyamuka ku Mchinji Lachiwiri m'mawa, ine ndi azakhali anga a Nabanda, alongo awo a bambo. Iwowa anabadwira ku Kabwe, kumene agogo ankagwira ntchito mumgodi, ndipo anabwerera kumudzi mano akumwana asanaguluke. Tsopano maso awo ayamba kuchita nkhungu, choncho anaumirira kukaona tchalitchi chimene anabatizidwiramo mdima usanatseke.

"Iwe Dalitso, nsanja yake imakanda mitambo," anatero tikudutsa pachipata cha Mwami. "Chitseko chake njovu ingalowe itasenza inzake."

Ku Chipata tinakwera basi ya ku Lusaka. Pa mlatho wa Luangwa azakhali anagula nsomba zouma, ndipo kuyambira pamenepo palibe anatsekanso windo. Tinagona ku Lusaka, m'mawa mwake n'kukwera minibasi ya ku Kabwe, makwacha a kumeneko zana limodzi ndi theka aliyense. Kondakitala anati nsombazo zilipirenso mpando. Azakhali anamuyang'ana mpaka anapepesa yekha.

Tinafika chakumasana. Titadya nshima ya ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera, pamsika wa Katondo, mayi wogulitsayo anatilozera njira. "Ni pafupi chabe, muyende so, muzaona mtanda."

Tchalitchicho tinachipeza pansi pa mitengo ikuluikulu. Ndi cha njerwa zofiira zootcha, makoma ochindikala, mawindo aataliatali osongoka kumwamba, denga lamalata. Chokongola ndithu, koma nsanja yake ngakhale mtengo wa mango wapambali unkaipitirira.

"Si ichi," anatero azakhali. "Tiye."

Kunja kunali akatekisiti, a Phiri, bambo wa imvi amene anati makolo awo anachokera ku Dedza. Atamva nkhani yathu anamwetulira. "Ni yamene iyi, ba mayo. Ma Father anamanga kudala, town ino ikali na dzina la Broken Hill. Njerwa anaumba ni anthu a mu mine akakomboka ku nchito."

"Ndiye mwachidula! Nsanja ija mwapita nayo kuti?"

"Awe, ba mayo, sitinachotseko olo njerwa imodzi."

"Musandinamize, ndine wamkulu kwa inu."

Masiku awiri panjira, fungo la nsomba lili m'malaya, kuti tibwerere ndi mkangano? A Phiri anatipempha kuti tingolowa, tipume dzuwa.

M'katimo munali mozizira bwino. Kuwala kolowera m'magalasi amitundumitundu kunagwera pa simenti yofiira yopukutidwa. A Phiri anandionetsa mitanda yadenga, yamatabwa akuda olimba amene chiswe chinawalephera, ndi mwala wobatizira wosalala m'mphepete chifukwa cha manja a anthu. Azakhali sanafune kumva. Anakana ngakhale benchi, nati sakhala pampando wa tchalitchi chachilendo, ndipo anadzigwetsa pansi pafupi ndi khomo, miyendo tambalale.

Kenaka ndinawaona atakweza mutu, akutsata mitanda ija ndi maso mpaka kuguwa.

"Dalitso, tabwera ukhale apa."

Ndinakhala pambali pawo. Kuchokera pansipo denga linathawira kutali, mawindo anatalika, chitseko chinasanduka chachikulu zedi.

"Ana tinkakhala pompano, pamphasa," anatero motsitsa mawu. "Amayi ankakhala uko, akundilozera chala ndikayamba kusewera." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "A Phiri, ndakukhululukirani."

"Natotela, ba mayo," anathokoza akatekisiti, osafunsa mlandu wake.

Ndinaphunzira kuti malo a ubwana wa munthu uziwaonera pa msinkhu umene iye anawaonera. Ndinaphunziranso kuti kukhazika azakhali pansi n'kosavuta, ntchito ili powadzutsa. Tinawagwira ine mkono uwu, a Phiri uwo, mpaka tinaitanitsa mlonda, iwo ali kalikiliki kutilangiza kuti tisawathyole m'nyumba ya Mulungu.